Phunziro la Mwezi Uno: Malo Opatulika a Ahindu ndi Asikhi m'Mapiri a Chamoli

Cholinga cha phunziro

Tidziwe malo awiri opatulika a m'boma la Chamoli ku India, ndipo tione anthu amene amagwira ntchito kuti ulendo wopita kumeneko utheke.

Mawu oyamba

M'mizinda yathu monga Blantyre ndi Lilongwe timakhala ndi anthu amene makolo awo anachokera ku India. Timagula m'masitolo mwawo, timakumana nawo kuchipatala, koma onse timangowatcha amwenye ngati kuti amapembedza mofanana. Pakati pawo pali Asilamu, Ahindu, Asikhi ndiponso Akhristu. Mwezi uno tiphunzira za Ahindu ndi Asikhi, ndipo tichita zimenezi potsata msewu umodzi wa m'mapiri umene anthu a zipembedzo ziwirizi amayendamo limodzi chaka ndi chaka. Ulendo wachipembedzo si wachilendo kwa ife, pakuti timadziwa kuti Yosefe ndi Mariya ankapita ku Yerusalemu chaka chilichonse pa Paskha.

Dera lake

Chamoli ndi boma la m'chigawo cha Uttarakhand, kumpoto kwa India, m'mapiri a Himalaya, kumalire ndi Tibet. Pakati pa bomali pamadutsa mtsinje wa Alaknanda, umene kumunsi umakumana ndi mtsinje wina n'kupanga Ganges, mtsinje umene Ahindu amaulemekeza koposa. Msewu wochokera mumzinda wa Rishikesh umatsata mtsinjewu mokhotakhota mtunda wa makilomita pafupifupi 300. Ukadutsa tauni ya Joshimath umafika pamalo otchedwa Govindghat, ndipo pamenepo njira zimasiyana. Ahindu ambiri amapitirira ndi galimoto kunka ku Badrinath. Asikhi amatsika, kuoloka mtsinje, n'kuyamba kukwera phiri kunka ku Hemkund Sahib.

Badrinath, kachisi wa Ahindu

Kachisi wa Badrinath ali pamtunda wa mamita oposa 3,100 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, ndiye kuti pamwamba pang'ono kuposa nsonga ya Sapitwa paphiri la Mulanje. Ahindu amapembedzerapo Vishnu, ndipo m'katimo muli chifanizo chake chamwala wakuda. Malowa ndi amodzi mwa malo anayi aakulu amene Mhindu wodzipereka amalakalaka kufikako asanamwalire. M'zaka zaposachedwapa anthu oposa 1 miliyoni akhala akufikako chaka chilichonse. Kunsi kwa kachisi kuli kasupe wa madzi otentha wotchedwa Tapt Kund, kumene alendo amasamba asanalowe kukapembedza.

Wansembe wamkulu, amene amatchedwa Rawal, sachokera m'mapirimo. Mwambo umati achokere ku Kerala, kumwera kwenikweni kwa India, kwawo kwa mphunzitsi wakale Adi Shankara, amene Ahindu amati ndiye anakhazikitsanso malowa.

Kachisiyu amatsegulidwa kumapeto kwa Epulo kapena kuchiyambi kwa Meyi, n'kutsekedwa mu Novembala, chifukwa m'nyengo yozizira dera lonselo limakwiririka ndi chipale chofewa. Pamenepo mapemphero amasamukira kumunsi, ku Pandukeshwar ndi ku Joshimath.

Tsopano taonani ntchito ya amayi. Kachisi asanatsegulidwe, amayi apabanja amasonkhana kunyumba yachifumu ku Narendranagar n'kusinja chitowe ndi manja kuti afinye mafuta. Mafutawo amaikidwa mumtsuko umene umanyamulidwa mwaulemu mpaka ku Badrinath, ndipo amagwira ntchito pa mapemphero a nyengo yonseyo. Tsiku lotseka likamayandikira, amayi ndi atsikana a m'mudzi wa Mana, umene uli makilomita atatu kupitirira kachisi, amaluka bulangete laubweya wa nkhosa. Bulangetelo amalinyika m'mafuta a mkaka wa ng'ombe n'kufunditsa chifanizo chija, kenaka amasiya nyale ikuyaka n'kutseka zitseko kwa miyezi isanu ndi umodzi. Alendo ambiri amaona wansembe, mabelu ndi maluwa. Amayi osinja ndi oluka aja sawaona, komatu chaka cha kachisi chimayambira m'manja mwawo ndi kuthera m'manja mwawo.

Hemkund Sahib, malo a Asikhi

Chipembedzo cha Asikhi chinayamba ndi Guru Nanak, amene anabadwa mu 1469 ku Punjab. Mawu akuti guru amatanthauza mphunzitsi. Asikhi amakhulupirira Mulungu mmodzi ndipo sasunga zifanizo m'nyumba yawo yopemphereramo, imene amaitcha gurdwara. Pamalo aulemu amaikapo buku lawo lopatulika, Guru Granth Sahib. Amuna ambiri sameta tsitsi kapena ndevu ndipo amavala nduwira, n'chifukwa chake anthu ena amawasokoneza ndi Asilamu.

Mphunzitsi wawo wa khumi anali Guru Gobind Singh, amene anabadwa mu 1666 n'kumwalira mu 1708. Zolemba zina zimene Asikhi amati ndi zake zimasimba kuti asanabadwe m'moyo uno anasinkhasinkha za Mulungu pamalo ozunguliridwa ndi nsonga zisanu ndi ziwiri za mapiri. M'zaka za m'ma 1930, Sohan Singh, amene anali wowerenga malemba m'gulu la asilikali, anafufuza malowa nakhutira kuti ndi kanyanja kena ka m'mapiri a Chamoli. Iye ndi msilikali wina, Modan Singh, anamangapo kanyumba kopemphereramo. Lero pali gurdwara yaikulu ya denga lotsetsereka kuti chipale chisaunjikane, pamtunda wa mamita oposa 4,000.

Koma kanyanjako sikanali kopanda eni. Anthu a m'midzi yapafupi ankakatcha Lokpal ndipo ankapitako kale kukalemekeza Lakshman, mng'ono wake wa Rama. Kachisi wawo wamng'ono akadalipo, pafupi kwambiri ndi gurdwara, m'mphepete mwa madzi omwewo. Asikhi sanamugwetse, Ahindu nawonso sanathamangitse alendowo. Aliyense amapemphera monga mwa chikhulupiriro chake, ndipo ambiri amalowa kuona kwa anzawo atavula nsapato ndi kufunda kumutu.

Kufika kumeneko ndi ntchito yaikulu. Kuchokera ku Govindghat galimoto imatha kufika pamudzi wa Pulna basi. Kuchoka apo ndi ulendo wapansi wa makilomita pafupifupi 10 kukafika ku Ghangaria, kumene anthu amagona. M'mamawa amayamba makilomita 6 otsiriza, okwera okhaokha. Pamwambapo salola munthu kugona, choncho aliyense ayenera kutsika dzuwa lisanalowe. Malowa amatsegulidwa kumapeto kwa Meyi mpaka mu Okutobala, ndipo nyengo isanayambe asilikali a India pamodzi ndi anthu odzipereka amakumba njira m'chipale ndi mafosholo. Okalamba ndi ofooka amakwera nyulu, ena amanyamulidwa pamachila ndi amuna anayi, ena amakhala m'dengu lalikulu limene mtengatenga mmodzi amabereka kumsana. Mu 2025 boma la India linavomereza zomanga njira ya zingwe zonyamula anthu m'mwamba kuchokera ku Govindghat mpaka ku Hemkund.

Khitchini yosafunsa dzina

Apa, amayi, ndi pamene tiyenera kukhalitsa. Gurdwara iliyonse ili ndi khitchini yotchedwa langar, imene imadyetsa aliyense kwaulere. Guru Nanak ndiye anayambitsa mwambowu, ndipo mayi wina, Mata Khivi, mkazi wa mphunzitsi wachiwiri, anauyendetsa mwaluso kotero kuti dzina lake linalembedwa m'buku lawo lopatulika.

Lamulo la langar ndi lakuti onse akhale pansi m'mizere, wolemera pambali pa wosauka. M'dziko limene anthu ankasankhana kwambiri potengera mtundu wobadwira, mpaka ena osaloledwa kudya ndi anzawo, lamuloli linali lolimba mtima. Chakudya chake sichikhala ndi nyama, kuti Mhindu wosadya nyama asachite kufunsa za mumphika. Ophika, otsuka mbale, osesa ndi osunga nsapato pakhomo ambiri ndi odzipereka, ndipo ntchitoyi amaitcha seva, kutanthauza kutumikira kosayembekeza malipiro.

Pamsewu wonse wa ku Hemkund muli magurdwara opereka chakudya ndi pogona: ku Rishikesh, ku Srinagar ya m'chigawo chomwechi, ku Joshimath, ku Govindghat ndi ku Ghangaria. Pamwamba penipeni, munthu akafika akunjenjemera, amamupatsa tiyi wotentha ndi mpunga wophika pamodzi ndi mphodza. Tikumbukire kuti kumeneko sikufika galimoto. Thumba lililonse la mpunga, shuga ndi mphodza limakwera pamsana pa nyulu kapena pa munthu. Ndipo wolandira mbaleyo safunsidwa ngati ndi Msikhi, Mhindu kapena mlendo wongodzaona maluwa m'chigwa chotchuka cha Valley of Flowers chimene chili pafupi.

Thupi la munthu paphiri

Ife amene tinagwirapo ntchito m'chipatala sitingadumphe mbali iyi. Munthu akakwera kupitirira mamita 4,000, mpweya wa okosijeni umene amakoka popuma kamodzi umatsika kufika pafupifupi magawo 6 mwa magawo 10 a umene amakoka kunyanja yamchere. Mtima umathamanga kuti ukwaniritse chosowacho. Mutu umapweteka, mseru umabwera, tulo timasowa. Zikafika poipa, madzi amadzaza m'mapapo kapena ubongo umatupa, ndipo zizindikiro zake ndi kubanika ngakhale munthu atakhala pansi, kudzandira ndi kusokonezeka mutu. Mankhwala oyamba ndi kumutsitsa msanga. Kumulimbitsa mtima kuti apitirize chifukwa watsala pang'ono kufika ndi kumuika pangozi.

Chaka chilichonse alendo ena amamwalira pamaulendo a m'mapiriwa, ambiri chifukwa cha mtima. Kawirikawiri ndi achikulire odwala kuthamanga kwa magazi, shuga kapena mphumu, amene achoka kuchigwa chotentha n'kukwera mofulumira osapumula. N'chifukwa chake boma la Uttarakhand limafuna kuti alendo alembetse mayina ndipo limalangiza achikulire ndi odwala kuyezetsa asananyamuke. Madzi a m'kanyanja ka Hemkund ndi ozizira koopsa, ndipo ngakhale ambiri amasambamo monga mwa mwambo, wodwala mtima ayenera kusamala.

Masoka a m'derali

Mapiriwa ndi osalimba monga amaonekera. Mu Juni 2013 mvula yamphamvu inadzetsa madzi osefukira m'chigawo cha Uttarakhand, ndipo anthu oposa 5,000 anafa kapena kusowa, ambiri a iwo ku Kedarnath m'boma loyandikana nalo. Ku Govindghat madzi anakokolola mlatho, magalimoto ndi nyumba, ndipo alendo zikwizikwi a ku Hemkund anatsekeredwa kumtunda mpaka asilikali anawapulumutsa. Pa 7 Febuluwale 2021 thanthwe ndi madzi oundana zinagumuka m'boma la Chamoli lomweli, ndipo anthu oposa 200 anafa kapena kusowa. Mu Januwale 2023 nthaka ya ku Joshimath inatitimira mofulumira, nyumba zoposa 800 zinachita ming'alu, mabanja n'kusamutsidwa. Akatswiri anali atachenjeza kuyambira mu 1976 kuti tauniyo ili pa nthaka ya chigumukire chakale ndipo siyenera kulemedwa ndi zomangamanga. Alendo amabweretsa ndalama, koma misewu ndi mahotela owalandirira zimalemetsa phiri. Mlendo amabwerera kwawo, wotsala ndi ming'alu ndi mwini mudzi.

Tikutolapo chiyani?

Ahindu ndi Asikhi amasiyana pa zinthu zikuluzikulu, ndipo ife timasiyana nawo onse awiri. Phunziroli silikufafaniza kusiyana kumeneko. Likutionetsa kuti anthu osiyana chikhulupiriro angathe kumwa madzi a nyanja imodzi kwa zaka pafupifupi 90, aliyense akusunga chake. Likutionetsanso kuti ulendo wa munthu mmodzi wokafika pamalo opatulika umasenzedwa ndi anthu ambiri osatchulidwa mayina: wosinja chitowe, woluka bulangete, wokumba njira, wobereka dengu, wotsuka mbale. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Nafenso timakhala ndi misonkhano ikuluikulu ndi maulendo ataliatali, ndipo timadziwa amene amadzuka usiku kukoleza moto.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Tchulani zinthu zitatu zimene Ahindu ndi Asikhi amasiyana pa kapembedzedwe.
2. N'chifukwa chiyani chakudya cha langar chilibe nyama, ndipo n'chifukwa chiyani onse amakhala pansi mofanana?
3. Pamisonkhano yathu, ndani amayamba kudya ndipo ndani amatsiriza? Kodi alendo olemekezeka ndi amayi a kukhitchini amadya ndiwo zofanana?
4. Tisananyamuke ulendo wautali ndi amayi achikulire, tiziwafunsa chiyani za mankhwala ndi thanzi lawo?
5. Malo amene tachitirapo msonkhano timawasiya bwanji kwa eni ake?

Ntchito ya mwezi uno

Gulu lililonse lilembe mayina a amene anaphika, kutunga madzi, kutola nkhuni ndi kusesa pamsonkhano wapitawu, ndipo mayinawo awerengedwe pamaso pa onse tikadzakumananso. Mlembi abweretse mayankho a funso lachitatu ndi lachinayi kuti tidzagwirizane chochita. Ambuye akusungeni nonse ndi mabanja anu.