Za Kuyesa Uta

Mlenje wosema uta wake yekha safuna muyeso. Adula mtengo, ausema, napota nsinga, naiyesa pa uta womwewo kufikira itakwana. Koma uta ukasemedwa ndi munthu mmodzi, ndipo nsinga ikapotedwa ndi wina wokhala kutali, mawu awa akuti “uta wa mikono itatu” sathandiza konse, pakuti mkono wa munthu wamtali sulingana ndi wa munthu wamfupi.

Ngakhale onse awiri akhale ndi ndodo yoyesera ya mainchi, mlandu sunathe. Uta suli woongoka monga bango. Wina auyesa potsata kupindika kwa mtengo; wina angotambalitsa chingwe kuchokera kunsonga kufikira kunsonga inzake. Wina auyesa uli wokunga, wina uli womasula. Motero uta umodzi ukhala ndi miyeso inayi, ndipo palibe mmodzi wa iwo wanama.

Kulakwa kumeneku sikuli kwakung’ono. Nsinga ikafupika ipinda uta kopitirira, ndipo mtengo ukhoza kuthyoka m’manja mwa woponya ndi kumlasa kumaso. Ikatalika ikhala pafupi ndi chogwirira, nimenya dzanja pakuponya, ndipo muvi uchoka mokhota. Mlenje wotere akakomana ndi nguluwe adzalakalaka akadakhala kumudzi.

Anthu a ku America anasauka nacho chinthu chimenechi. Kumeneko mauta anali kupangidwa ambirimbiri m’nyumba za ntchito, ndi kugulitsidwa m’masitolo, ndipo munthu wodukidwa nsinga anali kugula ina kwa wogulitsa amene sanauone uta wake. Chifukwa chake m’chaka cha 1968 bungwe la opanga mauta, dzina lake Archery Manufacturers Organization, linaika lamulo limodzi. Nzeru yao inali iyi: analeka kukangana za mtengo wokhota, nayamba kuwerengera pa nsinga, pakuti nsinga yokoka ili yoongoka ndipo iyesedwa njira imodzi yokha. Anapangana kuti utali wa uta udzatchulidwa poonjezera mainchi 3 pa utali wa nsinga youkunga bwino. Uta wokungidwa bwino ndi nsinga ya mainchi 57 utchedwa wa mainchi 60, ngakhale mtengo wake upindike motani.

Panatsala kanthu kena. Nsinga ya ulusi itanuka, ndipo yolefuka ioneka yaifupi koposa yokoka. Tsono anapanga nsinga zachitsulo zosatanuka zoti opanga mauta ayeserepo, nalamula kuti nsinga zogulitsa ziyesedwe zili zokoka zolimba.

Pa mauta ambiri a mtundu uwu palembedwa malemba atatu, AMO, pamodzi ndi chiwerengero cha mainchi. Mwini uta akawerenga 62 achotsapo 3, nadziwa kuti nsinga yofunika ndiyo ya mainchi 59.