Phunziro la thupi lathu: Cikhodzodzo cikadzaza

Tiwerenge

Tonse timamwa madzi. Timamwa thobwa. Timadya phala, mango ndi nzimbe. M'zakudya zimenezi mulinso madzi. Kodi madzi onsewa amapita kuti?

Ena amatuluka ngati thukuta. Ena amatuluka ndi mpweya tikamapuma. Koma ambiri amatuluka ngati mkodzo.

M'thupi mwathu muli impso ziwiri. Zili kumsana, pamwamba pa ciuno. Zimaoneka ngati nyemba zazikulu. Impso zimasefa magazi usana ndi usiku. Zimacotsamo zoipa, mcere wotsala ndi madzi otsala. Umenewo ndiwo mkodzo.

Mkodzo umatsika pang'onopang'ono m'timapaipi tiwiri. Umakafika m'cikhodzodzo. Cikhodzodzo ndi kathumba. Cili m'munsi mwa mcombo. Cikakhala copanda kanthu, cimafota. Mkodzo ukamalowa, cimafufuma ngati baluni.

Cikhodzodzo ca mwana wa zaka 7 cimasunga mkodzo wokwana pafupifupi kapu imodzi. Ca munthu wamkulu cimasunga pafupifupi theka la lita.

Ndani amatiuza?

Cikhodzodzo sitingacione ndi maso. Nanga timadziwa bwanji kuti cadzaza?

M'cikhodzodzo muli timitsempha tonyamula uthenga. Cikhodzodzo cikafufuma, timitsempha timamva. Uthenga umakwera m'fupa la msana. Umakafika ku ubongo. Pamenepo timamva kuti mkodzo watigwira.

Uthengawu ndi wabwino. Tisaunyoze. Ukabwera tili m'kalasi, tiimike dzanja. Tinene kuti: «Aphunzitsi, ndikupempha ndikataye madzi.» Palibe ca manyazi. Aphunzitsi nawonso amapita kucimbudzi. Tikacokako, tisambe m'manja ndi sopo kapena phulusa.

Ena samva uthengawu

Pali anthu ena amene uthengawu suwafika. Wina anagwa mumtengo, navulala msana. Wina anacita ngozi ya galimoto. Mwana wina anabadwa ndi vuto la msana. Agogo ena anadwala matenda a shuga kwa zaka zambiri. Timitsempha tawo sitinyamula bwino uthenga.

Cikhodzodzo cawo cimadzaza iwo osadziwa. Nthawi zina mkodzo umangotuluka wokha, zovala n'kunyowa. Nthawi zina sutuluka ayi. Umakhalitsa m'kati, nubweretsa matenda. Ukhozanso kubwerera ku impso ndi kuziononga.

Mnzathu wotere sacita dala. Tisamuseke. Tisamupatse dzina lacipongwe. Mwana akasekedwa, mawa sabwera kusukulu. Ife tikufuna tiphunzire tonse.

Makina otha kumva

Anthu a sayansi anadzifunsa: kodi sitingapange makina oti azimva m'malo mwa timitsempha?

Iwo anadziwa cinthu cimodzi. Magetsi amayenda mosavuta m'madzi a mcere. Mkodzo uli ndi mcere. Conco magetsi amayenda mosavuta mumkodzo. M'mafuta a thupi ndi m'mafupa amayenda movutikira.

Taganizani za njira ziwiri. Ina ndi ya matope. Ina ndi youma, yosalala. Kodi mungathamange pa njira iti? Kwa magetsi, mkodzo ndiwo njira yosalala.

Makinawa amagwira nchito motere. Pamimba, m'munsi mwa mcombo, amamatapo tizitsulo tating'ono. Tili ngati mabatani a malaya. Tina timatumiza magetsi ocepa kwambiri. Munthu sawamva n'komwe. Tina timayesa mmene magetsiwo akuyendera.

Cikhodzodzo cikakhala cofota, magetsi amavutika kudutsa. Cikamadzaza, amadutsa mosavuta. Makina amaona kusinthaku. Akatero amalira kapena kunjenjemera. Apo munthu amadziwa kuti nthawi yakwana.

Makinawa akadayesedwabe. Nthawi zina amalakwitsa. Munthu akathamanga kapena kutembenuka, muyeso umasintha. Mcere ukacepa kapena kuculuka mumkodzo, muyeso umasinthanso. Akatswiri akuyesetsa kukonza zimenezi.

Cenjezo

Magetsi a makinawa ndi ocepa, ndipo amayesedwa ndi akatswiri. Magetsi a m'mawaya ndi ena. Amene amacokera ku Cahora Bassa amapha munthu. Musakhudze waya. Musakodzere pa waya wogwa pansi. Mukaona waya wotere, uzani munthu wamkulu.

Mafunso

1. Kodi tili ndi impso zingati?
2. Kodi mkodzo umasungidwa kuti?
3. Kodi uthenga wa cikhodzodzo umadutsa kuti popita ku ubongo?
4. Cifukwa ciyani magetsi amayenda mosavuta mumkodzo?
5. Mnzako wanyowetsa kabudula m'kalasi. Iwe ucita ciyani?

Ticite

1. Tengani baluni kapena kajumbo kopanda cibowo. Thiranimo madzi pang'onopang'ono. Gwirani ndi dzanja. Kodi mukumva ciyani kakamadzaza?
2. Mawa, nthawi iliyonse mukakodza, ikani kamwala kamodzi m'citini. Madzulo werengani timiyalato. Kauzeni aphunzitsi nambala yake.
3. Lembani m'kope: ci, kho, dzo, dzo. Werengani: cikhodzodzo.

Mawu atsopano m'Cipwitikizi

cikhodzodzo — bexiga
impso — rins
mkodzo — urina
mcere — sal
magetsi — electricidade
cimbudzi — latrina

Kwa makolo

Werengani phunziroli pamodzi ndi mwana wanu. Mwana wa msinkhu wa sukulu amakodza pafupifupi ka 4 mpaka ka 7 pa tsiku. Ana ena amapirira mkodzo tsiku lonse cifukwa coopa kupempha, kapena cifukwa cimbudzi ca pasukulu n'cauve. Ena amaleka kumwa madzi kuti asatuluke m'kalasi. Zonsezi si zabwino. Mufunseni mwana ngati amapita kucimbudzi akakhala kusukulu. Ngati cimbudzi n'coonongeka, kambiranani ndi aphunzitsi ndi makolo anzanu.

Ana ambiri a zaka 5, 6 kapena 7 amakodzabe pamphasa usiku. Ambiri amaleka okha akamakula. Kukwapula ndi kuwacititsa manyazi sikuthandiza. Mwana akodze asanagone, ndipo njira yopita panja ikhale yosaopsa.

Nzeru yogwiritsa nchito mcere wa mumkodzo si yatsopano. Mu 1938, ku America, O. H. Mowrer ndi W. M. Mowrer analemba za coyala pogona cokhala ndi timawaya ndi belu. Mwana akayamba kukodza ali m'tulo, mkodzo unkalumikiza timawayato, belu n'kulira, mwana n'kudzuka. Belu lotere limalira mkodzo utatuluka kale. Makina a m'phunziro lino colinga cake ndi kucenjeza mkodzo usanatuluke. Kuyesa cikhodzodzo ndi magetsi ocepa kunayamba kufufuzidwa kale m'zaka za m'ma 1970. M'zaka za m'ma 1980, David Barber ndi Brian Brown a ku Sheffield, m'dziko la England, anapanga makina okhala ndi tizitsulo 16 tozungulira thupi, otha kuonetsa cithunzi ca m'kati.

Pofuna kudziwa kuculuka kwa mkodzo m'cikhodzodzo, zipatala masiku ano zimadalira sikani, makina omwe aja ounikira mwana ali m'mimba. Munthu amene samva mkodzo amaphunzitsidwa kutsata wochi. Ena amatulutsa mkodzo ndi kapaipi koyera pakatha maola 4 mpaka 6. A zaumoyo ndiwo amaphunzitsa njira imeneyi.

Pitani naye mwana kucipatala msanga mukaona izi: akulira pokodza, mkodzo ukungodontha usana wonse, wakhala tsiku lonse osakodza, kapena mumkodzo muli magazi. Magazi mumkodzo kawirikawiri ndi likodzo. Si cizindikiro ca kukula ayi. Tizilombo ta likodzo timacokera m'nkhono za m'madambo, m'mitsinje ndi m'nyanja, ndipo timalowa pakhungu mwana akamasamba. Mankhwala ake, praziquantel, alipo ndipo amaciza. Likodzo likakhalitsa limaononga cikhodzodzo ndi impso. Phunzitsani ana kukodza m'cimbudzi, osati m'madzi, kuti matendawa asafalikire kwa anzawo.