CIMFINE NDI MPHUNO ZOTSEKEKA
Phunziro kwa alimi amene amakagulitsa zokolola ku Lusaka

Kukolola kukatha, alimi ambiri a ku Chongwe, Rufunsa, Nyimba ndi Petauke amanyamula nshawa, mbatata, nyemba ndi matimati kunka nazo ku Lusaka. Amayenda usiku pamwamba pa katundu mumseu wa Great East Road, napitirira Chelstone mbandakuca, nafika pa msika wa Soweto dzuwa lisanaturuke. Pobwerera kwao ambiri amakhala alinkuyetsemula, mphuno zitatsekeka, mamina ali cucucu. Tsono ena amataya ndalama za thukuta lao pogula makapisozi amene sangathe kuciza nthendayi. Cifukwa cace kuli bwino kuti banja liri lonse lidziwe magwero a bvutoli ndi macitidwe oyenera.

Cimene cimatseka mphuno

Anthu ambiri amayesa kuti mamina ndiwo amatseka mphuno, motero amamina kolimba kufikira mphuno zitacita zironda. Koma cotseka ceniceni ndi kutupa. M'kati mwa mphuno muli timitsempha ta mwazi tambirimbiri. Kanthu koipa kakalowamo, timitsemphato timadzala mwazi ndi kutupa, ndipo njira ya mpweya imacepa. Mamina ndiwo madzi amene thupi limaturutsa kuti akokolole kanthu koipako.

Magwero atatu

1. Tizirombo ta cimfine. Timeneti timachedwa mavairasi, ndipo mitundu yace iposa 200. Mtundu umene umabvutitsa anthu kawirikawiri, wochedwa rhinovirus, unapezedwa ku America m'caka ca 1956. Tizirombo timeneti timacoka kwa wodwala poyetsemula, potsokomola ndi pogwirana canza. Lusaka ali pamalo okwera mamita oposa 1,200, ndipo mu June ndi July usiku kumazizira kwambiri. Cisanu pa cokha sicibala cimfine, koma cimacititsa anthu kuthithikana m'mabasi ndi m'zipinda zotseka mazenera, m'mene tizirombo timafala msanga. Munthu wamkuru amadwala cimfine kawiri kapena katatu pa caka, koma mwana wamng'ono angadwale kasanu ndi kamodzi kapena kuposa.

2. Pfumbi ndi utsi. Kuyambira August kufikira mvula itagwa, mphepo imaulutsa pfumbi m'miseu ndi m'misika. Utsi wa makala, wa zinyalala zoochedwa ndi wa magalimoto umawawitsa m'mphuno. M'caka ca 2024 cilala cinacepetsa madzi ku Kariba, magetsi nasowa, kotero kuti mabanja ambiri a mu Lusaka anayamba kuphikira pa mbaula. Kumudzi nako pfumbi liripo: potonola ndi popeta cimanga, posesa m'khola la nkhuku, ndiponso pothira mankhwala a ufa oteteza cimanga ku anankafumbwe.

3. Thupi lokana zinthu zina. Anthu ena matupi ao sagwirizana ndi mungu wa maudzu ndi wa mitengo, nkhungu za m'nyumba zacinyontho, kapena ubweya wa amphaka. Munthu wotere mphuno ndi maso zimamuyabwa, mamina ace amakhala oyera ngati madzi, ndipo thupi silitentha. Bvuto lotere silisankha malo: limagwira wa m'nyumba yaikuru ku Kabulonga kapena ku Woodlands monga momwe limagwirira wa m'mudzi. Silipatsirana, koma limabweranso nyengo yace ikakwana.

Cithandizo ca pakhomo

Cimfine wamba cimatha cokha pa masiku 7 kufikira 10. Nchito ya banja ndiyo kupepuza wodwala kufikira thupi litapambana.

Wodwala apumule, ndipo amwe madzi ambiri, tiyi kapena phala lofunda. Madzi amasungunula mamina kuti aturuke mosabvuta.

Mai awiritse madzi okwana kapu imodzi, asungunulemo theka la kasupuni kakang'ono ka mcere, ndi kuwaleka azizire. Madontho awiri kapena atatu m'mphuno iri yonse amafewetsa mamina. Khanda lotsekeka mphuno limalephera kuyamwa, cifukwa cace alidonthezere madziwa lisanayambe kuyamwa, ndipo asaleke kuliyamwitsa.

Uci wosakaniza ndi madzi ofunda ndi mandimu umaziziritsa pakhosi, koma mwana wosakwana caka cimodzi asapatsidwe uci.

Akuru angathe kufukiza nthunzi ya madzi otentha, monga ambiri amacitira ndi masamba a bulugamu. Nthunzi imapepuza kwa kanthawi cabe, siipha tizirombo ai. Ana asafukizidwe, pakuti ambiri amapsa nao madziwo.

Pomina, munthu atseke mbali imodzi ndi kumina pang'onopang'ono, kenaka asambe m'manja ndi sopo. Pogona atsamire kuti mutu ukwere pang'ono.

Mlimi potonola, popeta ndi pothira mankhwala m'cimanga aphimbe mphuno ndi pakamwa ndi nsaru, monga anthu anazolowera pamene nthenda ya COVID-19 inafika mu Zambia mu March 2020. Pa ulendo wa usiku abvale zofunda, ndi kukhala nayo nsaruyo pafupi.

Zosayenera kucita

Makapisozi monga amoxicillin amapha tizirombo ta mtundu wina, ta bakiteriya, koma pa mavairasi alibe mphamvu konse. Wowamwa popanda cilolezo ca dokotala amaononga ndalama, ndipo amazoloweretsa tizirombo mankhwalawo, kotero kuti tsiku la nthenda yeniyeni sagwiranso nchito. Mamina acikasu kapena obiriwira pa okha si cizindikiro cakuti makapisozi afunika.

Mankhwala ogula odontheza m'mphuno asagwiritsidwe nchito kupitirira masiku asanu, pakuti akapitirira mphuno zimatsekeka koposa kale. Ana asapatsidwe aspirin.

Coopsa koposa zonse ndico kugona ndi mbaula yamoto m'cipinda cotseka pofuna kufunditsa wodwala. Makala amaturutsa mpweya wakupha umene suoneka ndiponso sununkha. Anthu amagona tulo osadzukanso. Mbaula ituruke panja anthu asanagone.

Nthawi yothamangira ku cipatala

Cimfine cingathe kutsegulira njira cibayo, cimene cimapha ana ambiri. Mai awerenge kupuma kwa mwana pa mphindi imodzi, mwanayo ali cete. Khanda losakwana miyezi iwiri likapuma ka 60 kapena kuposa, mwana wa miyezi iwiri kufikira 11 akapuma ka 50, kapena wa caka cimodzi kufikira zisanu akapuma ka 40, apite naye tsiku lomwelo. Comweconso ngati m'munsi mwa nthiti mulowa m'kati popuma, ngati akana kuyamwa, ngati akomoka, kapena khutu lituruka mafinya. Kutentha thupi kungakhale malungo, ndipo kufunika kupimitsa mwazi. Wamkuru amene atsokomola kupitirira masabata awiri akapimitse cifuwa cacikuru.

Wodwalira mu Lusaka asalindire kufikira atabwerera kwao. Ku Kabwata ndi ku Chelstone kuli makiliniki a Boma, ndipo matenda akuru amatumizidwa ku University Teaching Hospital kapena ku cipatala ca Levy Mwanawasa, cimene cinatsegulidwa mu 2011 pambali pa Great East Road pomwepo.

Akuru akale anati madzi akatayika saoleka. Cimfine wamba cifuna mcere, madzi ndi kupumula basi, ndipo ndalama za nshawa zisungidwire mbeu ndi feteleza. Koma mwana akayamba kupuma mofulumira, banja lisiye nchito iri yonse ndi kuyamba ulendo wa ku cipatala.