Phunziro: Python poiyerekeza ndi C, Java ndi JavaScript

Ophunzira, lero tiona chifukwa chimene anthu ambiri oyamba kulemba mapologalamu amayambira pa Python, komanso chifukwa chimene akatswiri amaiika pambali pa ntchito zina. Pofananiza ziyankhulo za kompyuta, funso lothandiza ndi lakuti: kodi chiyankhulochi chikupulumutsa nthawi ya ndani, ya munthu wolemba kapena ya makina oyendetsa pologalamuyo?

Python anaiyambitsa ndi Guido van Rossum wa ku Netherlands, ndipo inatuluka koyamba mu 1991. C ndi yakale kuposa pamenepo, anaipanga ndi Dennis Ritchie ku Bell Labs, m'dziko la America, cha mu 1972. Java ndi JavaScript zinatuluka chaka chimodzi, 1995, Java ku kampani ya Sun Microsystems, JavaScript ku Netscape. Kufanana kwa mayina kusakupusitseni, ziwirizi ndi ziyankhulo zosiyana kotheratu.

Tiyambe ndi mmene kompyuta imamvera zimene mwalemba. Makinawo sadziwa Python kapena C, amangomva malangizo a manambala. Mukalemba mu C, pologalamu yotchedwa compiler imamasulira zonse kukhala malangizo a makina ntchito isanayambe n'komwe. Python imamasulira ntchito ili mkati, monga amachitira womasulira m'tchalitchi: mlaliki anena chiganizo, iye abwereza, mlaliki apitiriza. Uthenga umafika, koma ulaliki umatalika. N'chifukwa chake pa ntchito yobwereza masamu kambirimbiri, pologalamu ya C imatha kumaliza pamene ya Python idakali kutali. Java ili pakati. Zolemba zake zimayamba zasandutsidwa bytecode, kenako JVM, pologalamu imene imayendetsa bytecode, imaona mbali zimene zikubwerezedwa kwambiri n'kuzimasulira kukhala malangizo enieni a makina.

Nanga ngati Python ndi yochedwa chonchi, anthu akuifuniranji? Taonani pa bolodi. Tili ndi malikisi a ophunzira atatu ndipo tikufuna avereji yake:

malikisi = [60, 72, 45]
print(sum(malikisi) / len(malikisi))

Mizere iwiri yokha, yankho ndi 59.0. Kuti muchite zomwezo mu C, muyenera kunena kaye kuti malikisiwo ndi manambala athunthu, mulembe njira yowaphatikiza limodzilimodzi, musunge nokha chiwerengero chake, komanso musamale pogawa. Pogawapo m'pamene ambiri amagwa. Mu C, mukagawa 7 ndi 2 onse ali manambala athunthu, yankho ndi 3, theka lija limatayika mwakachetechete. Mu Python 3 yankho ndi 3.5. Chenjerani ndi mabuku akale pano: Python 2 inkaperekanso 3, ndipo eni ake anasiya kuisamalira mu Januwale 2020. Mukapeza buku lolemba print popanda mabulaketi, dziwani kuti ndi la Python 2, lisiyeni.

Kusanena mtundu wa chinthu kumafulumizitsa kulemba, koma kuli ndi mtengo wake. Java imakukakamizani kunena kuti ichi ndi nambala, icho ndi mawu, ndipo mukaika mawu pamalo a nambala imakana pologalamu isanayambe kuyenda. Python imadzadandaula ikafika pa mzere wolakwikawo, mwina patapita miyezi, anthu akuigwiritsa kale ntchito. Pa pologalamu ya mizere makumi awiri zimenezi si nkhani. Pa pologalamu ya banki yolembedwa ndi anthu ochuluka kwa zaka zambiri, kuuma mtima kwa Java kumasanduka chitetezo. JavaScript ndiye yolekerera kuposa zonse. Mukalemba "5" + 3, Python imaima n'kukuuzani kuti mawu ndi nambala siziphatikizika, pamene JavaScript imangozilumikiza n'kukupatsani "53" osadandaula. Kwa ine, Python yachita bwino apa: kuli bwino kudzudzulidwa msanga kusiyana ndi kulandira yankho labodza.

Chinanso chooneka ndi maso ndi kayalidwe ka mizere. C, Java ndi JavaScript zimatsekera magulu a malangizo m'mabulaketi opindika, choncho mutha kulemba mosalongosoka pologalamu n'kuyendabe. Mu Python, mpata umene mwasiya kumayambiriro kwa mzere ndi umene umasonyeza kuti mzerewo uli m'gulu liti. Mukalakwitsa mpata, pologalamu imakana kapena imachita zina. Oyamba kumene amanyansidwa nazo, koma zimawaphunzitsa kulemba zowerengeka.

Pali chinsinsi china chimene chimathetsa mkangano woti chiyankhulo chabwino n'chiti. Python imene ambiri timagwiritsa ntchito, yotchedwa CPython, inalembedwa mu C. NumPy, chida chimene asayansi amawerengera masamu akuluakulu mu Python, mbali yake yolemera inalembedwanso mu C. Munthu amalemba malangizo afupiafupi mu Python, katundu wolemera n'kusenzedwa ndi C kunsi kwake. Umu ndi mmene chiyankhulo chochedwa chinakhalira patsogolo pa ntchito zosanthula ziwerengero ndi za AI.

Komabe pali malo amene Python sifikako bwino. Mtima wa Linux unalembedwa mu C chifukwa umayenera kulamulira memory ndi zipangizo za kompyuta mwachindunji. Mapologalamu a mafoni a Android amalembedwa kwambiri mu Java ndi Kotlin. Ndipo zimene zimachitika pa tsamba la intaneti mukadina batani, browser imaziyendetsa ndi JavaScript. Python imagwira ntchito kuseri, pa server, monga ikuchitira kwa Instagram kudzera mu chida chake chotchedwa Django.

Malangizo anga ndi akuti muyambe ndi Python kuti maganizo anu akhale pa vuto limene mukuthetsa osati pa zizindikiro. Mukazolowera, phunzirani C kuti muone zimene Python imakubisirani. Ntchito ya kunyumba: lembani pologalamu ya avereji ija mu Python ndi mu C, muonjezere wophunzira wachinayi wa malikisi 50, ndipo mawa mudzafotokoze chifukwa chimene mayankho awiriwo angasiyanire.