Seymour Papert ndi Kamba Wace

Anzanga, kodi mwana angathe kuphunzitsa makina? Seymour Papert, katswiri wa masamu wobadwira ku Pretoria m'1928, anati angathe ndithu. Iye anayamba wagwira nchito ndi Jean Piaget ku Geneva, kufufuza m'mene ana amaganizira, ndipo pambuyo pace anamuka ku MIT ku America.

M'1967 iye ndi anzace, Wally Feurzeig ndi Cynthia Solomon, anakonza cinenero ca kompyuta cochedwa Logo, nadzaikamo "kamba" wolemba mizere. Mwana akamuuza kambayo kuti ayende mapazi 100 nakhotere kumanja madigiri 90, nabwereza kanai, pamaturuka sikweya. Cithunzi cikapotoka, mwanayo amafunafuna lamulo limene walakwitsa, nalikonza yekha. Papert anati nzeru zimakula pamenepo.

Maganizo amenewa anawalemba m'buku lace Mindstorms m'1980. Wophunzira wace, Mitchel Resnick, anatsogolera kupanga Scratch, imene inaturuka m'2007, ndipo ana a maiko ambiri aphunziramo. Papert anamwalira m'2016.

Tsono ife, aphunzitsi akatibwezera makope ofiira ndi inki, tisawabise pansi pa matiresi. Tifunefune pamene tinakhota molakwa, tikonze.