KODI MTENGO WA MADZI AMAUWERENGERA BWANJI?

Anthu ambiri amene amabwera kuchipatala amafunsa kuti, "Madzi ndi a Mulungu, nanga tilipiriranji?" N'zoonadi kuti madzi a mumtsinje sagulidwa. Chimene munthu amalipira ndi ntchito yowatunga, kuwayeretsa ndi kuwafikitsa pafupi ndi khomo lake ali opanda tizilombo toyambitsa matenda. Mwezi uno tiphunzira m'mene mtengo wa ntchito imeneyi amauwerengera, kuyambira kutauni kufikira pa mjigo wa m'mudzi mwathu.

Lamulo la m'chaka cha 1995 linapereka ntchito ya madzi a m'mipopi ya m'matauni kwa mabungwe asanu: la Blantyre, la Lilongwe, ndi atatu a m'zigawo za Kumpoto, Pakati ndi Kummwera. Bungwe lililonse limaphatikiza ndalama zimene lidzagwiritse ntchito pachaka: za magetsi, za mankhwala oyeretsera madzi, malipiro a antchito, zokonzera mapaipi ndiponso zobwezera ngongole imene linamangira madamu. Ndalamazi limazigawa ndi kuchuluka kwa madzi amene likuyembekeza kugulitsa. Likafuna kukweza mtengo, liyenera kupempha chilolezo kwa Boma.

Ndalama zimene zimalowa pa ntchitoyi zimasiyana malinga ndi malo. Ku Zomba madzi amachokera mu damu la Mulunguzi pamwamba pa phiri, ndipo amatsika okha. Ku Blantyre madzi ambiri amachokera mu mtsinje wa Shire pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo makina amawakankha kukwera chitunda cha mamita pafupifupi 800. Makina otere amadya magetsi kwabasi. Motero magetsi akakwera mtengo, madzi nawonso amatsatira.

Madzi olowa m'nyumba amayezedwa ndi mita. Muyeso wake ndi malita 1,000, amene ndi ndowa 50 za malita 20. Madzi oyambirira a pamwezi, ongokwanira kumwa, kuphikira ndi kusamba, amakhala otsika mtengo, koma wothirira kapinga ndi wotsukira galimoto amalipira mokwererapo. Pali chinanso chimene ambiri sachiganizira: madzi otayika pa paipi yophulika, ndi amene ena amaba polumikiza paipi mobisa, anayeretsedwa kale ndi ndalama, ndipo amene amazibweza ndi yemwe uja amalipira bilu yake mokhulupirika.

Nanga madzi oipa ochokera m'zimbudzi zogejemula? Kwa zaka zambiri ntchito imeneyi inali m'manja mwa makhonsolo a mizinda, ndipo ndalama zake zinkachokera makamaka ku msonkho wa nyumba ndi malo. Zonyansa sizidutsa pa mita, choncho m'maiko ambiri amayerekeza kuchuluka kwake poona madzi amene nyumbayo yagwiritsa ntchito. Ntchitoyi siioneka ndi maso, ndiye n'kwapafupi kuti makhansala aipatse ndalama zochepa poopa madandaulo a anthu. Koma malo oyeretsera zonyansa akawonongeka, zonsezo zimathera mumtsinje. Ife a kumudzi nkhaniyi ikutikhudza, pakuti mitsinje yodutsa m'mizinda imafika kwathu. Likangala, mwachitsanzo, amadutsa mu Zomba n'kukathira m'nyanja ya Chilwa, ndipo m'mbali mwake monse anthu amachapa, kusamba ndi kuthirira madimba.

Tsopano tibwere kwathu. Mipopi ya m'midzi yotsitsa madzi kuchokera m'mapiri inayambira ku Chingale m'boma la Zomba m'chaka cha 1968, anthu eni ake akukumba ngalande za mapaipi modzithandiza. Midzi ina yambiri ili ndi mijigo ya mtundu wa Afridev, imene inapangidwa mwakuti anthu a m'mudzi azitha kuikonza okha. Mjigo umodzi uyenera kutumikira anthu pafupifupi 250. M'kati mwake muli timarabala ndi tizipangizo ta pulasitiki timene timatha msanga, ndipo n'kofunika kutisintha tisanatheretu.

Komiti ya mjigo iyenera kuwerengera monga momwe amachitira mabungwe a kutauni aja. Ilembe mtengo wa zipangizo za chaka chonse, malipiro a mmisiri wokonza mijigo, simenti yokonzera pobowoka, ndi ndalama yapadera yosungira tsiku limene mapaipi a pansi adzawonongeke. Tiyerekeze kuti zonsezi zakwana K540,000, ndipo pa mjigopo pamatunga mabanja 50. Mudzi wagwirizana kuti mabanja 5 a nkhalamba ndi ana amasiye asamalipire. Mabanja 45 otsalawo adzapereka K12,000 lililonse pachaka, ndiye kuti K1,000 pamwezi. Ziwerengerozi n'zongoyerekeza chabe. Inu mufunse mitengo yeniyeni kusitolo ya zipangizo, ndipo muziwerengeranso chaka ndi chaka chifukwa katundu amakwera.

Midzi yambiri imadikira kuti mjigo ufe ndiye iyambe kusonkha. Kumeneku n'kulakwa kwakukulu. Mjigo ukafa mu Januwale kapena Febuluwale, nkhokwe zili mbee, ndalama sizipezeka, ndipo amayi amabwerera kudambo pa nyengo yomwe ija kolera amavuta. Nthawi yabwino yosonkhera ndi pokolola, ndipo wosowa ndalama angathe kupereka chimanga kapena mtedza, komiti n'kugulitsa. Msungichuma azilemba dzina la aliyense wopereka, ndipo kaundulayo aziwerengedwa poyera pamaso pa a mfumu ndi anthu onse. Anthu akaona kuti ndalama zawo sizikudziwika kumene zapita amaleka kusonkha, ndipo sitingawadzudzule.

Tisaiwale mliri wa kolera umene unayamba ku Machinga mu Malichi 2022 n'kufalikira m'maboma onse a dziko lino. Pofika kumapeto kwa chaka cha 2023 anthu oposa 1,700 anali atamwalira. Matendawa amayenda m'madzi ndi m'zakudya zimene zakhudzana ndi chimbudzi cha wodwala, ndipo munthu angathe kufa m'maola ochepa thupi likatha madzi.

Ngati mjigo wanu wafa pakali pano, wiritsani madzi akumwa mpaka abwadamuke, kapena thiranimo klorini monga mwa muyeso umene mlangizi wa zaumoyo angakuuzeni, ndipo dikirani mphindi 30 musanamwe. Mlangizi yemweyo mungamupemphe kuti adzakhale nawo pamsonkhano wa komiti powerengera chopereka cha chaka chamawa.