Wokumba dzenje alikwirire: phunziro la kufufuza malasha

Malemba owerenga: Genesis 2:15, Eksodo 21:33-34, Levitiko 25:1-7

Pakati pa malamulo amene Mulungu anapatsa Mose pali limodzi lokhudza dzenje. Munthu akakumba dzenje osalivundikira, ng'ombe kapena bulu wa mnzake n'kugweramo, wokumbayo ndiye alipire. Lamuloli silinaletse kukumba. Linangoika udindo pa mwini khasu. Mfundo yomweyi itithandiza kumvetsa ntchito yofufuza malasha ndi miyala ina, imene ikuyandikira minda ya m'chigawo chapakati.

Malasha ali kuti?

Malasha odziwika m'Malawi ali kumpoto, monga ku Mchenga m'boma la Rumphi ndi madera ena a Karonga, komanso kuchigwa cha Shire, ku Lengwe ndi ku Mwabvi. Kuchidikha cha Kasungu, kumene kuli minda ya fodya, miyala ya pansi ndi ya mtundu wina, wakale kwambiri kuposa umene umasunga malasha. Komabe nkhaniyi ikutikhudza. Kuchokera pamene boma linatulutsa zotsatira za Kauniuni mu 2015, ofufuza miyala achuluka. Ku Kanyika, m'boma la Mzimba kufupi ndi malire a Kasungu, kampani ya Globe Metals inaboola pansi kufufuza niobium. Ku Kasiya, m'boma la Lilongwe, Sovereign Metals inapeza rutile ndi graphite. Kaya akufuna malasha kaya mwala wina, makina ake ndi mabala amene amasiya m'munda n'zofanana.

Kufufuza kumachitika bwanji?

Kufufuza si kukumba mgodi. Ofufuza amangofuna kudziwa ngati mwalawo ulipo, uli pansi bwanji, ndi wochuluka motani. Amabwera ndi makina ofanana ndi oboolera mjigo. Amalambula njira ya galimoto, kusalaza bwalo loimikapo makina, ndi kukumba maenje osungira madzi ndi matope oziziritsira mano a makinawo. Kenako amaboola, n'kutulutsa miyala yobulungira ngati musi, imene amaiyala m'mabokosi motsata kuya kwake kuti akaipime.

Chiboo chenichenicho ndi chaching'ono, koma chingawononge zambiri. Chimadutsa m'magawo osiyanasiyana a madzi a pansi. Chikasiyidwa chotseguka, madzi oipa amatha kusakanikirana ndi madzi abwino amene zitsime zathu zimatungamo. Malasha ambiri amakhala ndi mwala wa sulfure, umene ukakumana ndi mpweya ndi madzi umapanga asidi. Pamwamba napo, magalimoto olemera amatsendera dothi mpaka khasu kukana, mafuta amatayikira, ndipo njira yolambulidwa pamalo otsetsereka imasanduka chigwembe mvula ikagwa.

Kubwezeretsa nthaka

Ntchito yokonza imayamba makina asanalire. Dothi la pamwamba, lomwe lili ndi chonde, mbewu za udzu ndi tizilombo tothandiza, liyenera kupalidwa ndi kuunjikidwa palokha, osasakaniza ndi katondo wa pansi. Akamaliza kuboola, chiboo chimatsekedwa ndi simenti kapena dongo lapadera lofufuma, kuti madzi asadutsemo. Matope ndi dothi lokhala ndi mafuta zimachotsedwa. Pokwirira maenje, dothi la pansi limayamba kulowa, la pamwamba n'kutsiriza. Akasinthanitsa, mlimi amalandira munda wooneka wosalala koma wosabala. Malo otsenderedwa amagaulidwa, n'kubzalamo udzu, mitengo kapena mbewu zimene zinalipo kale. Pomaliza, wina ayenera kubweranso mvula itagwa kudzaona ngati dothi silinatitimire.

Zitsanzo ziwiri

Ku Mwabulambo, m'boma la Karonga, kampani ya Eland inakumba malasha mpaka 2015, pamene inasiya ntchito. Lipoti la bungwe la Human Rights Watch la 2016 linanena kuti maenje anasiyidwa osakwirira, ena atadzaza madzi, pafupi ndi kumene anthu amakhala. Uwu unali mgodi, osati kufufuza chabe, koma ukutisonyeza amene amatsala ndi dzenje wokumba akachoka: mayi wotunga madzi, mwana woweta mbuzi.

Ku Kasiya, mu 2024, Sovereign Metals inakumba dzenje loyeserera, n'kulikwirira, kuthiramo laimu ndi zowonjezera chonde, kenako kubzalamo chimanga pamodzi ndi alimi a m'deralo. Nyengo imodzi siingatiuze zonse za nthaka, ndipo alimiwo ndi amene adzapereke umboni weniweni zaka zikamapita. Koma taona kuti kukwirira ndi kubzalanso n'kotheka, choncho palibe kampani imene inganene kuti sizingachitike.

Lamulo ndi udindo wathu

Lamulo la zachilengedwe la 2017 linakhazikitsa bungwe la MEPA loyang'anira za chilengedwe, ndipo lamulo la migodi la 2023 limafuna kuti wofufuza akhale ndi chiphaso cha boma. Vuto n'lakuti ambiri kumudzi sadziwa zofunsa alendo akafika ndi makina. Apa ndi pamene ife ophunzira, makamaka amene tidzakhale aphunzitsi, tingathandize. Tiphunzitse makolo athu kufunsa: Chiphaso chili kuti? Muboola malo angati? Dothi la pamwamba muliika pati? Adzatseka chiboo ndani, ndipo liti? Mbewu zowonongeka mulipira bwanji? Mayankho alembedwe pamaso pa amfumu ndi a ku ofesi ya DC, ndipo munda ujambulidwe ntchito isanayambe. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Lonjezo la pakamwa ndi fodya wa pachala.

Kasungu akudziwa kale mtengo wa kutenga osabwezera. Mitengo yambiri inathera m'mabani ndi m'zigafa za fodya. Lero alimi ena akutembenukira ku soya ndi mtedza, ndipo chuma chawo chonse chili m'dothi la pamwamba lija. Ife osunga Sabata timakumbukira Mlengi tsiku lachisanu ndi chiwiri lililonse, ndipo Levitiko 25 amatiuza kuti nthaka nayo inapatsidwa chaka chopuma. Adamu anapatsidwa ntchito ziwiri m'munda, kulima ndi kusunga. Amene akufuna za pansi pa nthaka asaiwale yachiwiriyo.

Mafunso okambirana

1. Pa Eksodo 21:33-34, n'chifukwa chiyani wolipira ndi wokumba dzenje, osati mwini ng'ombe?
2. Kodi munda ungaoneke wokonzedwa koma uli wowonongeka? Mungadziwe bwanji?
3. Ofufuza atafika pamalo a mpingo kapena a sukulu yanu, ndani angalankhule nawo, ndipo angayambe ndi funso liti?